Yankho: kusunga ziboliboli mu kompyuta ndi laser

Achimwene, mwafunsa kuti kujambula chiboliboli ndi laser kukusiyana pati ndi kuchitola chithunzi pa foni. Kusiyana kwake ndi miyeso.

Makina a laser, amene amatulutsa kuwala koongoka ngati ulusi, amawaimika pa miyendo itatu, n'kumaponya kuwala pachiboliboli. Kuwalako kukagunda kumabwerera, ndipo makina amawerengera mtunda wa pamene kwagundapo. Akatero kambirimbiri, mu kompyuta mumatuluka timadontho mamiliyoni toonetsa mphuno, makwinya a chovala, ngakhale mng'alu waung'ono. Kuwala sikukhota, ndiye amasuntha makinawo kuzungulira chibolibolicho, kenako n'kulumikiza zonse.

Phindu lake limaoneka zinthu zikaonongeka. Chiboliboli cha Gandhi chija cha pa Gandhi Square, muno mu Johannesburg, anachithira penti mu 2015. Penti imachoka, koma ine nkhawa yanga ndi akuba zitsulo, amene amadula n'kukagulitsa pa sikelo. Mkono ukapita, mmisiri aumbanso poyang'ana chiyani? Tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris chitapsa mu 2019, miyeso ya laser imene Andrew Tallon, katswiri wa mbiri ya zomangamanga, anatenga kale inathandiza okonza.

Ndimalakalaka zojambula za pamiyala ku Chongoni, kwathu ku Dedza, zitasungidwa chonchi zonse, mvula ndi utsi zisanazifufute.