Mjigo wafa, onse akuloza chala apampando

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti: "Mjigo wathu watha masabata atatu osatulutsa madzi. Tikukatunga kudambo, ndipo aliyense akuti a komiti adadya ndalama. Apampando asiya n'kufika komwe pamjigo chifukwa cha manyazi. Ineyo ndichitepo chiyani?"

Mayi, mutu ukakula sulewa nkhonya, koma musanaponye yanu dziwani katundu amene anthuwa asenza. Komiti ya mjigo kawirikawiri imakhala ya anthu 10 ndipo salipidwa. Mjigo umodzi umayenera kuthandiza anthu pafupifupi 250, koma m'midzi yambiri otunga amapitirira pamenepo, kupopa kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Masipeya ake amachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo idakwera, pamene chopereka cha pamwezi m'midzi yambiri chidatsala pomwe chidali.

Kenako dziwani chimene chafa, chifukwa mavuto a pampu ya Afridev, mtundu wa mjigo wofala m'midzi yathu, salingana. Chogwirira chikamagwedera uku ndi uku, atha ndi mabeyaring'i apulasitiki. Mukamapopa madzi n'kumatuluka pang'ono, nthawi zambiri ndi labala wokweza madzi m'paipi, wotchedwa U-seal, amene waperepeseka. Ngati m'mawa mumapopa nthawi yaitali madzi asanabwere, ndiye kuti usiku amathawira pansi: mwina timalabala ta bobbin kapena O-ring ta pa footvalve (chotsekera cha pansi choletsa madzi kubwerera) tatha, mwinanso paipi yang'ambika. Zing'onozing'onozi a komiti ophunzitsidwa amakonza okha ndi sipanala, pozula marodi osakhudza mapaipi. Koma paipi ikang'ambika nkhani imakula. Mapaipi onse, amene adamatidwa ndi guluu, ayenera kutulutsidwa. Pafunika makaniko wa m'dera, anthu angapo ogwirizira, guluu ndi masoketi, komanso ndalama yomulipira mmisiriyo. Masabata atatu amatha mosavuta apampando akungoyenda pansi kufunafuna zimenezi, osauza munthu poopa kutukwanidwa.

Choncho pitani kunyumba kwawo, osati kukawafunsa pamjigo pagulu. Mukapatsana moni, afunseni mwaulemu: chawonongeka n'chiyani, adachiona ndani, m'thumba muli zingati, zikuperewera zingati? Pemphani kuona kope la msungichuma, muwerenge mabanja otunga ndi mabanja amene adapereka miyezi itatu yapitayi. Apa m'pamene zambiri zimaululika. Si zachilendo kupeza kuti ena ofuula kwambiri ali ndi ngongole ya miyezi ingapo, ndipo msungichuma adaleka kuwakumbutsa chifukwa ndi apongozi ake kapena abale a mfumu. Kutolera ndalama kwa anthu amene mawa mukakhala nawo pamaliro ndi ntchito yowawa, ndipo amene sanaigwirepo amaiyesa yophweka.

Musachoke mutangonena kuti pepani. Tengani gawo looneka: kutolera chopereka m'nyumba 10 zoyandikana nanu, kapena kupita kukagula masipeya n'kubwera ndi lisiti. Mukatero pemphani amfumu aitanitse msonkhano kuti mlembi awerenge poyera zolowa ndi zotuluka, inu mutakhala pafupi ndi a komiti.

Kuwamvetsa sikutanthauza kubisa kuba, ayi. Ngati kope ndi ndalama sizikugwirizana, nenani pamsonkhanopo ndi manambala, mugwirizane tsiku lobweza. Zikakanika, nkhaniyo ipite ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) kapena kwa mlangizi wa zamadzi wochokera ku khonsolo, amenenso angathandize kusankha ndi kuphunzitsa komiti yatsopano.

Mjigo ukadzuka, kambiranani zosunga ndalama. Ena amaziika ku banki m'khonde kuti ziswane, koma pampu ikafa ndalamazo zili m'manja mwa obwereka, mudzi umadikira. Ndi bwino kuguliratu U-seal, bobbin, O-ring ndi mabeyaring'i n'kusunga, ndipo muzisintha pafupifupi chaka chilichonse ngakhale madzi akutuluka bwino.