Musanachotse anyamata, onani kaye kotesheni yanu

Imelo yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa mnzathu wina wa zamagetsi ku Zomba. Ali ndi anyamata anayi, ntchito zachepa, ndipo makasitomala akumanenerera mtengo mpaka kufika pansi. Akufunsa ngati achotseko anyamata awiri, kapena atsitse mitengo n'kumagula waya wotchipa kuti ntchito zisamamudutse.

Achimwene, mundipirire, chifukwa mwandikumbutsa Novembala wa 2023.

Mwezi umenewo ndi pomwe Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika cha m'ma K1,700. Izi zisanachitike, mu Meyi 2022, inali itagwa kale ndi 25 peresenti. Kwacha itagwa mu Novembala muja, m'mawa wake ndinapita mtauni kukagula ma breaker (timaswichi todula magetsi mphamvu ikapyola muyeso), ndipo ndinapeza mashopu ena atatseka, eni ake ali mkati akusintha mitengo. Omwe anatsegula ankakuuza kuti katundu watha, iwe ukuona ndi maso mipukutu ya waya ili pa shelefu. Sindinawadzudzule kwenikweni. Waya, ma soketi, ma DB (mabokosi ogawira magetsi m'nyumba), zonsezo zimachokera kunja, ndipo wogulitsa akaganiza za mtengo wokaodanso katundu wina amangogwira mutu.

Panthawiyo mnzanga wina, yemwe tinaphunzira limodzi ntchitoyi, anali atasaina kontilakiti yowayaring'a nyumba yogona alendo ya zipinda zambiri. Mtengo unali umodzi, katundu ndi leba pamodzi, ndipo ndalama ankapatsidwa pang'onopang'ono malinga ndi pomwe wafika. Mapaipi anali atakwirira kale m'makoma, kutsala kukoka waya. Atapita kwa mwini nyumba kukadandaula, anangomuonetsa pepala lomwe anasaina yekha. Munthu uja ndi waulemu, sanathawe. Anagulitsa pikapu yake, natenganso ngongole ya katapila kuti amalize. Anyamata ake anabalalika, wina anapita ku Joni, ndipo lero iye amagwira maganyu kwa makontilakita anzake, nthawi zina kwa ine. Ntchito anali nayo, yaikulu kuposa zanga zonse za chaka chimenecho, ndipo ndi yomweyo inamugwetsa.

N'chifukwa chake ndikamva munthu akuti vuto ndi kuchepa kwa ntchito, sindivomereza msanga. Mwa anzanga omwe atseka, ochepa ndi omwe anatseka chifukwa chokhala osagwira kanthu. Ambiri anatseka ali otanganidwa, akugulira makasitomala katundu ndi ndalama za m'thumba mwawo, kenaka n'kumayenda miyezi kutsatira malipiro. Ma ofesi ena akuluakulu ndiye osanena. Amakupatsa oda yokongola ya chidindo, iwe n'kuthamanga kukakongola katundu, ndiye podzakulipira ndalama ija singagulenso theka la zomwe unagula, atadulaponso msonkho wa withholding tax.

Tsopano za waya wotchipayo. Apa ndiye sindinyengerera. Pamsika padzaza waya wooneka ngati kopa koma mkati muli aluminiyamu, kunja anangomupaka. Mukamupala ndi mpeni mumaona zoyera mkati, mpukutu wake ndi wopepuka, ndipo mukamuotcha ndi machesi amalefuka n'kupindika. Wina amalembedwa 2.5mm koma mukamuyerekeza ndi weniweni ndi wowonda, wina amati mamita 100 koma sakwana. Waya wotereyu mukamuika pa ma soketi, mayi n'kulumikiza hotipuleti ndi ketulo, amatentha polumikizira mpaka soketi kusungunuka. Breaker ya 32A singakuthandizeni, chifukwa iyo ikudikira mphamvu yomwe waya weniweni akanapirira. Nyumba ikapsa, pa satifiketi yomwe inapita ku ESCOM pali dzina lanu, ndipo laisensi ya MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, yomwe ili pachiswe ndi yanu. Wa shopu uja sadzakudziwaninso.

Chimene chimandinyansa ndi chakuti anthu omwe amanenerera kwambiri pa waya ndi omwewo amagula matailosi odula ndi nyali zolendewera za pabalaza. Zooneka ndi alendo salimbana nazo. Zokwiririka m'khoma, zomwe azigona nazo ana awo zaka makumi atatu, ndiye akufuna za theka la mtengo. Wina anandiuzapo kuti earth rod, chitsulo chokhomera pansi choteteza anthu kuti asagwidwe ndi magetsi, ndi yosafunika chifukwa nyumba ya bambo ake ilibe ndipo palibe anafa. Ndinanyamula chikwama changa. Kasitomala wotere musiyireni amene akumufuna, ndipo musapikisane mtengo ndi mnyamata wopanda laisensi amene katundu wake yense ndi tesita ndi pulayazi. Iye salipira msonkho ku MRA, salembetsa ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, salipira aliyense pakutha pa mwezi. Mukatsikira pa mtengo wake mudzipeza mukugwira ntchito ngati iye.

Ntchito ilipo, koma yasamuka

Anthu akasiya kumanga sasiya kufuna kuwala. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kampani yopanga magetsi ya EGENCO inataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthimathima kwa chaka chimenecho kunatipatsa ntchito yomwe sitinaiganizire: ma changeover (maswichi osinthira ku jenereta magetsi akazima), ma invata, mabatire, sola. Mafuta atayamba kusowa, omwe anali ndi majenereta nawonso anayamba kufunsa za sola. Ambiri anaikiridwa zinthuzi ndi anthu ongoyerekeza, moti lero kukonza zomwe ena anasokoneza ndi ntchito payokha. Kulinso zigayo, mapampu a pa mijigo ndi m'minda yothirira, mafiriji a m'mabutchala. Mwini chigayo mota ikapsa sanenerera ngati womanga nyumba, chifukwa tsiku lililonse lomwe chigayo chaima akutaya ndalama. Anthu oterewa muwayendere, mugwirizane kuti muzibwera mwezi ndi mwezi kudzaona ma starter (zoyatsira mota) ndi kumangitsa polumikizira. Ndalama yake ndi yochepa koma imabwera, ndipo sifuna kuti mukakongole katundu wambiri.

Ku Zomba kwanuko kuli nyumba zakale zambiri za nthawi yomwe likulu linali komweko, zina mawaya ake sanasinthidwepo. Kulinso ma hositelo a ophunzira omwe eni ake amangowonjezera ma soketi pa laini imodzi. Mwawagogodera?

Za anyamata, ine sindingathamangire kuchotsa. Mnyamata wodziwa kumanga DB mwaukhondo, yemwe mungamusiye m'nyumba ya munthu popanda kusowa kanthu, amatenga zaka kuti mumupeze. Khalani nawo pansi, muwaonetse mmene buku likuyendera. Awiri odalirika akhale pa malipiro a mwezi, enawo mugwirizane zolipirana pa ntchito iliyonse, ndipo muwalole kugwira maganyu awo masiku opanda kanthu. Ngati mufikedi pochotsa munthu, tsatirani za notisi ndi malipiro ake monga lamulo la ntchito likunenera, chifukwa mlandu wa ku leba ndi wodula kuposa malipiro omwe mukuthawawo.

Pa kotesheni chitani izi kuyambira mawa. Katundu alembedwe payekha, leba payekha. Pansi lembani kuti mtengo wa katundu ugwira ntchito masiku asanu ndi awiri okha. Ndalama ya katundu ilipiridwe yonse musanayambe, mukagule tsiku lomwelo, kapena mupite naye kasitomala ku shopu akalipire yekha inu mutasankha waya. Leba muigawe patatu: mukakwirira mapaipi, mukakoka waya, ndi mukamaliza kuyeza. Mayendedwe muwawerengere, ntchito za dera limodzi muzizipanga tsiku limodzi, ndipo satifiketi isatuluke m'chikwama ndalama yomaliza isanalowe.