Ndikufuna kukagwira ntchito yodzipereka kunja ndi ana aulumali, ndiyambire pati?

Mtsikana wina wa ku Chibavi wandilembera imelo sabata yatha. Akuti anamaliza MSCE, amakonda ana, ndipo wina wake pa Facebook wamulonjeza malo a uvolontiya ku UK osamalira ana aulumali bola apereke K600,000 yolembetsera. Akufunsa ngati zimenezi ndi zoona komanso ayambire pati.

Achemwali, ndalamayo musapereke, ndayamba ndi pomwepo dala. Mapulogalamu enieni alipo ndithu koma mumalembera nokha pa webusaiti yawo, sadutsira mwa munthu wa pa WhatsApp. Mwachitsanzo Camphill, imene anayambitsa dokotala wa ku Austria Karl König mu 1940 kufupi ndi Aberdeen ku Scotland, imalandira mavolontiya amene amakhala nyumba imodzi ndi ana kapena akulu aulumali, amakupatsani pogona, chakudya ndi kandalama ka sopo basi, si salale ayi. Ku UK mumafunika Charity Worker visa, imatha miyezi 12, bungwelo ndi limene limakutumizirani Certificate of Sponsorship (umboni woti lakutengani), ndiye ngati silikukuimirirani pa nkhani ya ndalama muyenera kuonetsa £1,270 ku banki, kuphatikiza kuyezetsa TB poti mukhalako kupitirira miyezi 6. Ku Germany kuli pulogalamu ya boma ya uvolontiya yotchedwa weltwärts, kuyambira 2013 imatenganso achinyamata ochokera maiko athu ano, koma Chijeremani muyambiretu kuphunzira. Kalata ya ku polisi yosonyeza kuti mulibe mlandu nayo adzaifuna.

Koma mapepalawa ndi nkhani yaing'ono. Funso lomwe adzakufunseni pa intavyu ndi loti munayamba mwasamalirapo mwana wotere? Kungoti ndimakonda ana sikokwanira, aliyense amatero.

Ine ndinathandizako miyezi ingapo pamalo ena kuno komwe, tsiku loyamba anandipatsa kamnyamata ka zaka 7 kopuwala ubongo kuti ndikadyetse phala. Ndinkafulumira ngati ndikudyetsa mwana wa mchemwali wanga, sipuni pa sipuni, mwanayo anatsamwa mpaka maso kufiira, ine manja njenjenje. Mayi ake anangondilanda mbaleyo osakalipa, kumukhazika mowongoka, chibwano chotsitsa pang'ono, kasipuni theka kenako kudikira ameze. Mbale imodzi inatenga pafupifupi ola, phala linazizira kalekale ndi kuzizira kwa Mzuzu mu June kuja. Ntchito yake ndi imeneyo, kusintha matewera a mwana wamkulu, kumunyamula kuchoka pa wilitcheya osathyola msana wanu, kudziwa chochita akagwa khunyu (mumugoneke cham'mbali, osamuika sipuni kapena chala mkamwa ngati momwe timachitira kumudzi). Ndiye muganize mukuchita zonsezi ku Scotland m'nyengo yozizira dzuwa litalowa 4 koloko masana isanakwane, mulibe wolankhula naye Chitumbuka kapena Chichewa.

Nchifukwa chake ndikuti yambani kuno. Pitani ku chipatala cha St John of God ku Mzuzu mukafunse ngati amalandira othandiza pa ntchito yawo ya ana, kapena kwerani minibasi mpaka ku Ekwendeni komwe amaphunzitsa ana osaona, ku Embangweni kulinso sukulu ya ana osamva, mukhoza kutolako chilankhulo cha manja. Mukagwirako miyezi 6 mupemphe kalata yokuchitirani umboni. Kalata imeneyo ndi imene a Camphill adzawerenge, ndipo pofika nthawi imeneyo mudzakhala mutadziwa nokha ngati mukuifunadi ntchitoyi kapena mumangofuna kukwera ndege, zomwenso si tchimo, kungoti musadzazizindikire muli kale ku Aberdeen mwana ali m'manja.

Munthu wa K600,000 uja mufunseni dzina la bungwe, mulifufuze pa mndandanda wa masiponsa ovomerezeka pa webusaiti ya boma la UK ya gov.uk, kenako mundiuze zomwe ayankhe.