Amakhoza masamu koma mtima uli pa ng'oma: timuletse?

Bambo wina wa kwa Malengachanzi ku Nkhotakota wafunsa za mwana wake wamkazi wa Fomu 3. Aphunzitsi akuti mtsikanayu pa masamu palibe womuposa m'kalasi, koma madzulo amathamangira kukwaya komwe amaimba ng'oma, ndipo kumapeto kwa makope ake kwadzaza zojambula. Bamboyu akufuna kumuletsa zonsezi mpaka atalemba MSCE.

Bambo, nkhawa yanu ndaimva, fizi siyotola. Koma musamuletse.

Ambirife timaganiza kuti katswiri wa masamu ndi munthu wongokhala phee ndi manambala, osaseka, osaimba. Si mmene alili. Manjul Bhargava, yemwe amaphunzitsa pa yunivesite ya Princeton ku America, analandira Fields Medal mu 2014. Iyi ndi mphoto yapamwamba ya masamu, yoperekedwa kamodzi pa zaka 4 zilizonse kwa akatswiri osakwana zaka 40. Bhargava yemweyo ndi mmisiri woimba tabla, ng'oma ziwiri zing'onozing'ono za ku India zoimba ndi zala, ndipo anaphunzirako kwa Zakir Hussain, woimba wodziwika dziko lonse. Agogo ake aamuna anali katswiri wa chilankhulo cha Sanskrit, ndipo anamuphunzitsa ndakatulo zakale zomwe kayendedwe kake kali ndi masamu mkati.

Masamuwo mwana wanu angathe kuwayesa pa ng'oma yake lero lomwe. Atenge kugunda kwakufupi kukhala 1, kwakutali kukhala 2, kenako awerenge njira zosakanizira kugundaku kuti kukwane nambala yomwe wasankha. Kuti kukwane 3 pali njira 3, pa 4 pali njira 5, pa 5 pali 8, pa 6 pali 13. Nambala iliyonse ikutuluka pophatikiza ziwiri za m'mbuyo mwake. Akatswiri a ndakatulo a ku India anazindikira zimenezi kalekale. Mufunseni chifukwa chake zikuyenda chonchi, osamuuza yankho. Mukaona kuti funsoli lamusowetsa mtendere mpaka mawa, dziwani kuti aphunzitsi aja sananame.

Za zojambulazo, mumuuze za Maryam Mirzakhani wa ku Iran, mayi woyamba kulandira Fields Medal, mu 2014 momwemo. Ali mtsikana ankakonda kuwerenga nthano ndipo ankafuna kudzakhala mlembi. Atakula ankagwira ntchito yake atayala mapepala akuluakulu pansi, n'kumajambulapo, mpaka mwana wake wamkazi ankati amayi akupenta. Anamwalira mu 2017 ndi khansa ali ndi zaka 40 zokha. Dzina limeneli ndimafunitsitsa mtsikana aliyense wokonda masamu kuno kwathu atalidziwa.

Komabe ng'oma silemba mayeso. Anthu amenewa anafika patali chifukwa ankakhalira funso limodzi nthawi yaitali osatopa. Kuimba ndi kujambula kunkayendera limodzi ndi khamalo, osati kulowa m'malo mwake. Kuti mwana asankhidwe ku yunivesite ya boma kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, afunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo opikisana nawo ndi ambiri. Wokhoza masamu okha, Chingerezi n'kugwa, amatsala pakhomo. Apa ndiye muyang'anitsitse, chifukwa ana okonda masamu ena amanyozera maphunziro enawo.

Khalani naye pansi, mayi ake ali pomwepo, mugwirizane. Masamu ola limodzi tsiku lililonse, cholembera chili m'manja, akulimbana ndi mapepala akale a MANEB, osati kungowerenga notsi. Kwaya masiku awiri pa sabata, kuphatikiza Lamlungu. Zojambula zikhale ndi kope lakelake. Telemu ikatha, onani lipoti limodzi: malikisi akatsika, masiku a kwaya achepe, akakhala pomwepo kapena kukwera, musakhudze kanthu. Mwana amene mwamulanda chomwe amakonda amakhala pa tebulo buku lili pamaso, maganizo ali kutchalitchi.

Ndipo iwe mwanangu, ngati bambo akuonetsa yankholi, mbali yako uisunge. Masamu angakufikitse ku University of Malawi ku Zomba kapena ku Mzuzu University, n'kudzagwira ntchito yauphunzitsi, kubanki, kukampani za inshulansi kapena ku National Statistical Office. Ufunsenso aphunzitsi ako ngati pasukulu panu amaphunzitsa Additional Mathematics, ndipo ngati ilipo, upemphe akulowetsemo telemu ino.