Chigamulo chidatuluka, nanga bwanji sadakwere ndege?

Mayi wina wandilembera imelo: "Mu March 2025 khoti la majisitireti ku Lilongwe lidagamula kuti a Shepherd Bushiri ndi akazi awo a Mary atumizidwe ku South Africa. Nanga bwanji sadapite? Kodi apilo si njira yongozengerezera mlandu?"

Zikomo mayi, funso lanu lili m'kamwa mwa anthu ambiri.

Poyamba tigwirizane chinthu chimodzi. Khoti lomva pempho lotumiza munthu kudziko lina siligamula zoti munthuyo adalakwa kapena ayi. Milandu ya chinyengo ndi kuzembetsa ndalama yomwe banjali lidasiya pomwe lidachoka ku South Africa mu November 2020 lili pa belo, ngakhale lero ili m'manja mwa makhoti a komweko. Ntchito ya majisitireti wa kuno ndi yopapatiza: kodi zomwe akuwaganizirazo ndi mlandu m'maiko onse awiri? Zikalata zabwera motsata lamulo? Umboni ulipo wokwanira kuti munthu akayankhe?

Apilo nayo imayenda m'kanjira komweko. Loya sapita ku Khoti Lalikulu kukanena kuti "munthu wanga ndi wosalakwa". Amakanena kuti majisitireti adaphonya lamulo, adalandira umboni wosayenera, kapena sadapereke mpata woti woganiziridwayo amvedwe. Bola nkhani ili kukhoti lapamwamba, munthu satumizidwa, chifukwa akangodutsa malire palibenso chomwe woweruza wa kuno angakonze. Pa nkhani ya a Bushiri, Khoti Lalikulu lidathetsa chigamulo cha majisitireti mu October 2025. Pamwamba pake palinso Supreme Court of Appeal, ndipo makhoti akavomera, nduna ya boma ndiyo imasaina komaliza.

Musaganize kuti khomoli ndi la wothawa yekha. Ku Britain, mu January 2021, woweruza adakana kutumiza Julian Assange, yemwe adayambitsa tsamba la pa intaneti lotulutsa zinsinsi la WikiLeaks, ku America poopa kuti angadziphe m'ndende. Boma la America lidachita apilo n'kupambana mu December chaka chomwecho. Nkhani idakathera pa mgwirizano wa Assange ndi boma la America mu June 2024.

Kuchedwa kumapweteka, mayi, makamaka kwa odandaula omwe akhala akudikira chilungamo zaka zonsezi, ndipo ine ndimawamvera chisoni kwambiri. Makhoti athu ayenera kufulumira. Koma ufulu wa apilo womwewo ndi umene ungateteze mwana wanu wa ku Joni, wopanda dzina kapena ndalama, tsiku lomwe dziko lina lidzamufune ndi zikalata zolakwika.