Easthampstead Rural District inapita kuti?

Asisi, mwati pa mapepala akale a nyumba mukufuna kugula ku Sandhurst, ku England, ija palembedwa Easthampstead Rural District Council, koma pa mapu simukuipeza ndiye mwayamba kukayika kuti mwina akukuyendani pansi. Mtima m'malo. Khonsolo imeneyo inalipodi, ndipo tinganene kuti ilipobe, kungoti inasintha dzina, panopa ndi ija mumaidziwa kuti Bracknell Forest.

Nkhani yake inayamba chonchi. Mu 1894 boma linakhazikitsa lamulo logawa madera a ku England ndi Wales omwe sanali mizinda ikuluikulu m'magulu awiri, ma urban district a m'matauni ndi ma rural district a kumidzi. Malire sanachite kuwajambula mwatsopano ayi, anangotengera a makomiti a zaukhondo omwe analipo kale, omwenso anatengera malire a mabungwe osamala amphawi a m'ma 1830. Nchifukwa chake dzina linapita kwa Easthampstead, kamudzi kakang'ono, poti kumeneko ndi komwe kunali nyumba yosungirako amphawi a dera lonselo. Bracknell nthawi imeneyo kanali katauni ka msika basi, kopanda ndi parishi yakeyake yomwe (parishi pano ndi kadera kakang'ono ka boma, osati ka tchalitchi), kanakhala pa malire a maparishi a anzake. Maparishi anali 6: Binfield, Warfield, Winkfield, Easthampstead, Crowthorne ndi Sandhurst kwanuko.

Mukafuna kumvetsa derali yang'anani dothi. Kumpoto, cha ku Warfield, Binfield ndi Winkfield, ndi dothi lamakande lomata, ndiye kunali minda, msipu wa ng'ombe komanso ma uvuni a njerwa. Njerwa zofiira za kampani ya Thomas Lawrence zinkatchuka kwambiri, mukadzapeza njerwa yakale yodindidwa TLB dziwani kuti inachokera konko. Madzi a mbali imeneyo amatsikira kumpoto kukathira mu Thames kudzera mu kamtsinje kotchedwa The Cut. Koma mukangodutsa Bracknell kulowera kumwera zinthu zimasinthiratu, ndi mchenga wokhawokha, nthaka yosabereka, zitsamba zifupizifupi ndi mitengo ya paini, nkhalango ija ya Swinley yomwe anthu amakatchovako njinga Loweruka. Kale konseko kunali mbali ya Windsor Forest komwe mafumu ankasakako agwape. Kumapeto kwenikweni kuli mtsinje wa Blackwater, mukauwoloka mwalowa Hampshire.

Ndiye poti malo amchengawo alimi analibe nawo ntchito, ndi komwe kunamangidwa zinthu zofuna malo aakulu. Sukulu ya asilikali inasamukira ku Sandhurst mu 1812, ija amaphunzirako ma ofisala ochokera maiko ambiri kuphatikizapo ena a kwathu ku Malawi, ngakhale geti lake lodziwika lija lili ku Camberley, mbali ya Surrey. Wellington College inatsegulidwa mu 1859, chipatala cha Broadmoor mu 1863, ndipo Crowthorne inakula chifukwa cha ziwirizi, anthu ogwira ntchito kumeneko amafuna pogona ndi pogula zinthu.

Ntchito ya khonsolo ya rural district sinali yapamwamba kwenikweni, zinali za zinyalala, mipope ya zonyansa, ukhondo, kuvomereza mapulani a nyumba, komanso kumanga nyumba za lendi yotsika. Sukulu, apolisi ndi misewu ikuluikulu zinali m'manja mwa Berkshire County Council, khonsolo yaikulu ya chigawo chonse cha Berkshire. Ndiye dzinalo likamapezeka pa mapepala anu nthawi zambiri zimakhala kuti mwina nyumbayo anamanga ndi a khonsolo, kapena anagulitsa malowo, kapena anangodinda pulani isanamangidwe. Onani chaka chili pamenepo, chikhala cha m'mbuyo mwa Epulo 1974.

Chomwe chinasokoneza zonse ndi 1949, pomwe boma linasankha Bracknell kukhala tauni yatsopano yoti ilandire anthu ochokera ku London nkhondo itatha. Poyamba amaganiza za anthu 25,000, kenako anakweza kufika 60,000. Omanga sanali a khonsolo koma bungwe lapadera, Bracknell Development Corporation, lomwe linagwira ntchito mpaka 1982. Tangoganizani, khonsolo yotchedwa ya kumidzi ikutolera zinyalala m'tauni ya mafakitale ndi ma ofesi, Met Office, ofesi ya zanyengo ija, yomwe inali pompo mpaka pomwe inasamukira ku Exeter mu 2003 kkkk. Zinali ngati Lilongwe itakula mpaka pomwe yafika pano koma nkumaiyendetsabe ngati ka trading centre. Ine ndimaona kuti dzinalo linatha ntchito kalekale lisanachotsedwe, ndipo Easthampstead weniweniyo anamezedwa ndi tauni, lero ndi dera chabe mkati mwa Bracknell, chodziwikiratu ndi tchalitchi chakale chija.

Kenako lamulo la 1972 linathetsa ma rural district onse a ku England ndi Wales kuyambira pa 1 Epulo 1974. Ambiri anawaphatikiza awiri atatu kupanga khonsolo imodzi, ndiye kwinako kulondola mapepala kumavutadi mutu. Koma wanuyu anachita mwayi, sanamuphatikize ndi wina aliyense, dera lomwelo linangokhala Bracknell District. Mu 1988 linapatsidwa ulemu wa borough (dzina laulemu lomwe makhonsolo ena amapatsidwa) nkutenga dzina la Bracknell Forest, ndipo mu 1998 Berkshire County Council itathetsedwa, sukulu, misewu ndi zosamalira anthu zonse zinabwera kwa iwo. Nchifukwa chake council tax, msonkho wa kukhonsolo, ya ku Sandhurst imapita ku Bracknell ngakhale ambiri amakagula zinthu ku Camberley komwe ndi kufupi.

Pa za nyumbayo, umwini musaudalire pa pepala lakalelo, loya wanu aitanitse title, chikalata cha umwini, ku HM Land Registry komwe amalembetsa malo, ndipo ma search, kufufuza zomwe khonsolo inalemba za nyumbayo, apange ku Bracknell Forest Council. Mumuuzenso awerenge bwinobwino ngati pepala la Easthampstead lija lili ndi zoletsa, monga zoti osachitirapo bizinesi kapena osamanga mpanda kutsogolo, chifukwa zoterozo zimatha kugwirabe ntchito ngakhale khonsolo yomwe inazilemba inasintha dzina. Ngati mukufuna mabuku akale a misonkhano ya khonsoloyo, funsani ku Royal Berkshire Archives ku Reading, muyambe mwawalembera musanakwere sitima.