Akuti "dekhani, tikumanga timu": tidekhe mpaka liti?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Dwangwa pa imelo, ndipo mwini wake wapempha kuti dzina lake ndi la timu yake ndisazitchule. Walemba motere:

"Achimwene, timu yathu yomwe imasewera mu ligi ya m'chigawo chapakati yachotsa osewera akale asanu ndi awiri, ena mwa iwo ndi omwe tinkawadalira. M'malo mwake abweretsa tianyamata tosadziwika. Pa masewero 8 tapambana awiri okha. Akomiti akuti tidekhe, akumanga timu ya zaka zitatu zikubwerazi. Anzanga akuti Loweruka tikatseke njira ya kubwalo mpaka kochi achoke. Ine mtima uli pawiri. Kodi kudekha kumeneku kuli ndi malire?"

Achimwene, malire alipo, koma sali pomwe anzanuwo akuwafuna. Masewero 8 sangakuuzeni ngati timu ikumangidwa kapena ikugumuka, chifukwa poyambirira zonse ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi: kugonja, zigoli zomwetsedwa mphindi zomaliza, goloboyi kukalipirana ndi otchinga kumbuyo. Aliyense amene adalimako mpunga ku Lifuwu kapena ku sikimu ya Bua akudziwa momwe mbande zimaonekera zikangowokeredwa kumene. Zimawerama, zimachita chikasu, munthu wodutsa pamsewu nkumati munda uwu wapita. Mlimi sazula, chifukwa akudziwa nazale yomwe mbandezo zachokera komanso akudziwa kuti madzi a mumgula sakuphwa mawa. Funso lanu lagona pamenepo. Kodi anyamatawa ali ndi nazale yodziwika? Nanga madzi oti awasunge mpaka akhwime alipo?

Ndiyambe ndi nkhani yomwe amakonda kutiuza akomiti akafuna kuti tikhale chete, ya kochi Alex Ferguson. Ndi zoona kuti adafika ku Manchester United mu Novembala 1986, chikho choyamba nkudzachitenga mu 1990, ligi mu 1993. Ndi zoonanso kuti mu 1995 adagulitsa Paul Ince, Mark Hughes ndi Andrei Kanchelskis, masewero oyamba a ligi nkukagonja 3-1 kwa Aston Villa, koma chaka chomwecho cha mpira chisanathe adatenga ligi ndi FA Cup. Chomwe ambiri amachidumpha pofotokoza ndi chakuti anyamata omwe adalowa m'malo mwa akuluakuluwo, monga David Beckham, Nicky Butt ndi Gary Neville, sadatoledwe pamsika mwezi umenewo. Adakulira pomwepo, ndipo adali atatenga kale chikho cha achinyamata cha FA Youth Cup mu 1992. Ferguson pochotsa akale adali atawaona ana aja kwa zaka, akudziwa wina aliyense mwendo womwe amadalira ndi momwe amachitira zinthu zikavuta.

Kwathu konkuno chitsanzo chilipo, ndipo ndi chapafupi kuposa cha ku England. Kochi Kalisto Pasuwa adafika ku Nyasa Big Bullets, yomwe timaitcha Maule, kumapeto kwa 2018, atatenga kale ligi ya ku Zimbabwe kanayi motsatizana ndi Dynamos. Chaka chotsatira Maule adayamba kudalira kwambiri anyamata ang'onoang'ono, ena ngati Hassan Kajoke ndi Chimwemwe Idana atakwezedwa kuchokera ku timu yawo yaing'ono ya Reserve. Masapota ena adadandaula, monga mukudandaulira inumu. Koma timuyo idatenga ligi kasanu motsatizana kuchokera 2018 kufika 2023, ndipo mu 2023 idasesa zikho zonse zinayi: ligi, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Ena mwa anyamata a nthawi imeneyo adapita kunja: Charles Petro ku Sheriff Tiraspol ya ku Moldova, Peter Banda ku Simba ya ku Tanzania. Maule sadamange timu ndi pakamwa. Adali ndi timu yaing'ono yosewera ligi yakeyake sabata ndi sabata, adali ndi kampani yolipira osewera pamwezi, ndipo kochi adamusiya pampando zaka zambiri.

Tsono taonani mbali inayo. Chelsea itagulidwa ndi eni ake atsopano mu 2022 idathira ndalama zoopsa pamsika, nkugula achinyamata ambirimbiri, nayonso ikunena kuti ikumangira mtsogolo. Chaka choyambacho idachotsa Thomas Tuchel, idachotsanso Graham Potter, nkumaliza pa nambala 12. Ife omwe timaonera m'mashoo a vidiyo pa Kamuzu Road tidaona tokha kuti osewera abwino akhoza kudzaza bwalo koma osadziwana, chifukwa aliyense wagulidwira kochi wina, ndipo kochi yemwe adamufunayo wapita kale. Chelsea idapirira zimenezo chifukwa thumba lake ndi lakuya. Timu yanu ikasintha kochi kawiri m'chaka chimodzi, palibe chotsala.

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa vuto la matimu athu a kuno kunyanja si la Chelsea ayi, ngakhalenso la Maule. Vuto lathu ndi lakuti timalera ana nkudzadyedwa ndi ena.

Zaka zingapo zapitazo ndidali mukomiti ya katimu kena kuno ku Salima. Tidali ndi mnyamata wina wosewera pakati, yemwe tidamupeza ali Sitandade 7 akumenya mpira wachikulunga pamchenga. Nsapato zake zoyamba za mpira tidamugulira pakaunjika, zidali zazikulu, ankaika nyuzi kutsogolo kwa zala kuti zimukwane. Ndikumuonabe m'maso mwanga pabwalo la sukulu lija lafumbi, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, iye akulandira mpira ndi chifuwa nkuuponda asanacheuke, ngati ali ndi maso kunkhongo. Tidamulera zaka zinayi. Masiku a masewero akutali tinkasonkherana ndalama ya lole, amayi ena a pafupi ndi bwalo nkutiphikira nsima ya usipa. Tsiku lina Lachiwiri sadabwere ku tirening'i. Lachinayi tidamva kuti wakwera minibasi ya ku Lilongwe ndi munthu wina yemwe adamupatsa foni ndi lonjezo la malipiro a pamwezi. Tidalondola nkhaniyo mpaka ku timu yomwe idamutengayo, ndipo funso lomwe adatifunsa lidali limodzi lokha: pepala lili kuti? Tidalibe. Padalibe kontirakiti, padalibe ngakhale kalata ya makolo. Tidabwerako chimanjamanja, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Mwanayo sindimamuimba mlandu, adali ndi mayi ake ndi azing'ono ake oti awathandize. Olakwa tidali ife akuluakulu omwe tinkanena kuti tikumanga timu koma osamanga mpanda.

N'chifukwa chake ndikuti musanakatseke njira Loweruka, pitani mukafunse za mapepala. Anyamata atsopanowa asaina zaka zingati? Ngati komiti ikunena za zaka zitatu koma ana asainira chaka chimodzi, kapena sadasaine konse, ndiye kuti zaka zitatuzo ndi za timu ina yomwe idzawatenge akayamba kuwala. Malamulo a FIFA amalola wosewera yemwe kontirakiti yake yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kugwirizana ndi timu ina, ndipo ikangotha amapita ulere. Malamulo omwewo ali ndi mbali yokomera matimu ang'onoang'ono: wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita dziko lina, 5 peresenti ya ndalamazo imagawidwa ku matimu omwe adamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Koma ndalama imeneyi imatsata kaundula. Ngati mwanayo sadalembetsedwe ku FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, m'dzina la timu yanu, ndiye kuti m'maso mwa malamulo simudamulereko ngakhale tsiku limodzi. Pomwe Gabadinho Mhango ankachoka ku Bullets kupita ku Bloemfontein Celtic mu 2013, palibe ankadziwa kuti adzafika ku Orlando Pirates, kapena kuti mu Januwale 2022 adzagoletsa chigoli chija chakutali pomwe Malawi inkakumana ndi Morocco ku Cameroon. Mwana yemwe mukumunyoza lero kuti ndi wosadziwika akhoza kudzakhala ndalama yogulira timu yanu basi, pokhapokha dzina lake lili m'buku.

Chachiwiri chomwe ndingafunse ndi chifukwa chenicheni chomwe akale asanu ndi awiri aja achokera. Apa pamafunika chilungamo, chifukwa mawu akuti "tikumanga timu" nthawi zambiri amavekedwa ngati chitenje pamwamba pa ngongole. Bwana yemwe ankathandiza timu wasiya, mabonasi a chaka chatha sadalipidwe, akuluakulu atopa nkuchoka okha, ndiye komiti yatola ana omwe angasewere ndi botolo la zakumwa ndi ndalama ya sopo. Kusowa ndalama si tchimo. Tonse tikudziwa kuti ndalama za pageti m'ligi za m'zigawo sizikwana ngakhale mafuta a ulendo umodzi wa ku Mchinji kapena ku Ntcheu. Choipa ndi kubisa. Komiti itaima pamaso panu nkunena kuti thumba lauma, tiyeni tipulumutse timu isatuluke mu ligi chaka chino, masapota ambiri angamvetse ndipo ena angasonkhe. Koma akakuuzani za mapulani a zaka zitatu pomwe sakudziwa komwe kuchokere ndalama ya Lamulungu likubwerali, akukupemphani kudekha komwe sakuyenera kulandira.

Ndinenenso kuti kuchotsa akale onse nthawi imodzi sindigwirizana nako, ngakhale ndalama zilipo. Ana amafuna wamkulu mmodzi kapena awiri m'bwalo, makamaka pagolo ndi pakati pa otchinga kumbuyo, woti akamwetsedwa chigoli awauze kuti dzutsani mitu, mpira sunathe. Ferguson uja pochotsa atatu aja adasunga Peter Schmeichel, Steve Bruce, Gary Pallister ndi Eric Cantona. Ngati timu yanu yasiya ana okhaokha, limenelo ndi phokoso loyenera kuchita, ndipo msika wa osewera wa pakati pa chaka ukatsegulidwa mukakamire kuti abweretse akuluakulu awiri, ngakhale obwereka.

Kuno kwathu tilinso ndi mpikisano womwe anzathu a m'tauni saumva kwenikweni. Mafco, yomwe kwawo ndi kuno ku Salima koma yakhala ikusewerera masewero ake apakhomo ku Chitowe kwanuko, imatha kusunga osewera chifukwa ndi timu ya asilikali, ndipo mnyamata amaona ntchito yokhazikika kutsogolo kwake. Timu ya anthu wamba ilibe chimenecho. Ikulimbana ndi nyanja, yomwe imakoka mnyamata usiku usipa ukagwa, ikulimbana ndi ganyu ya m'minda ya nzimbe, ikulimbananso ndi mabonanza omwe amachuluka chisankho chikayandikira, komwe wosewera amapeza tsiku limodzi ndalama yomwe timu yake singamupatse mwezi wonse. Kochi yemwe akutha kusonkhanitsa anyamata omwewo ku tirening'i kanayi pasabata m'nyengo yotereyi akugwira ntchito yomwe siioneka pa tebulo la mapointi.

Za kochiyo tsono. Simudandiuze ngati ndi iyeyo adasankha anyamatawa kapena adangowapeza. Ngati adawasankha yekha, kumuchotsa pano ndi kuyambiranso kachiwiri, chifukwa wobwera m'malo mwake adzafuna ake. Ngati adangopatsidwa ndi akomiti, ndiye kuti mukufuna kuthamangitsa munthu wolakwika. Mulimonsemo, kutseka njira sindikuvomereza. Ana a zaka 18 akaona masapota awo omwe atanyamula miyala, Lamulungu lake amaopa kulandira mpira, aliyense amangouponya kutsogolo kuti cholakwa chisaonekere pa iye. Komanso chisokonezo pabwalo chimabweretsa chindapusa kapena kutsekedwa kwa bwalo, ndipo ndalama yolipira imachoka m'thumba lomwe lauma kale lija.

Kudikira kwenikweni n'kotalika, musanamizidwe. Manoma (Mighty Wanderers) adatenga ligi mu 2006 nkudzaitenganso mu 2017. Silver Strikers idaitenga mu 2013, nkudikira mpaka 2024 pomwe Peter Mponda, yemwe adakhalapo wachiwiri kwa Pasuwa ku Maule, adawapatsa. Amenewo ndi matimu a ndalama ndi mbiri. Inu musayembekeze chikho chaka chino. Chomwe muli ndi ufulu woyembekezera ndi kuona kusintha ndi maso: kodi kochi wapeza anyamata ake khumi ndi mmodzi kapena sabata iliyonse akusintha theka la timu? Zigoli zomwe mukumwetsedwa zikuchepa? Pa makona, aliyense akudziwa munthu wake? Chigawo chachiwiri cha ligi chikadzafika pakati zinthuzi zisakuoneka, ndipo nkhwangwa yotulutsa matimu mu ligi yayandikira pakhosi, pamenepo ndidzakhala woyamba kunena kuti malire akwana.

Loweruka likubwerali, m'malo mopita kunjira ya kubwalo, tengani anzanu anayi kapena asanu omwe amatha kulankhula osakalipa, mupemphe kukumana ndi wapampando ndi mlembi wa timu. Muwapemphe abweretse fayilo ya makontirakiti ndi makadi a osewera, muwerenge nokha zaka zomwe mwana aliyense wasainira, ndipo kwa omwe sadakwane zaka 18 muone ngati pali dzina la kholo. Mufunse tsiku lomwe bonasi yomaliza idalipidwa. Mufunsenso ngati kochiyo ali ndi pepala lakelake, ndi la nthawi yaitali bwanji. Mukatero mundilemberenso zomwe mwapeza m'fayilomo, ndipo ngati ndingapeze ya minibasi, masewero anu apakhomo otsatira ndidzabwera kudzawaona anyamatawo ndekha.